Buku la maphikidwe opanda nyama limene silichoka m'khitchini mwanga

Ndalipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndinaligula pofuna kuchepetsa nyama pakhomo, ndipo nkhawa yanga inali yakuti anthu azidzuka patebulo asanakhute, kapena azidya mongopirira. Mabuku ambiri a mtundu umenewu amangochotsa nyama mu poto osaikamo china cholowa m'malo mwake. Ili ayi. Limakuphunzitsani kumene kukoma kumachokera nyama ikapanda kukhalapo: pa moto, pa mchere ndi pa kowawasa. Pa chifukwa chimenechi ndimalikonda kwambiri.

Gawo limene ndimabwererako kawirikawiri ndi la kuwotcha ndiwo zamasamba mu uvuni. Mumadula karoti, mabiringanya, kolifulawa ndi anyezi m'zidutswa zofanana kukula, n'kuzipaka mafuta pang'ono ndi mchere, uvuni itatentha kale madigiri 220. Lamulo limene bukuli limabwereza n'lakuti musadzaze thireyi, ndipo limafotokoza chifukwa chake. Masamba ali ndi madzi ambiri. Zidutswa zikathithikana, nthunzi imasowa potulukira, ndiye zimangofewa ngati zowiritsa. Zikatalikirana, madzi amauma msanga, m'mbali mumapsa bwino n'kuderako, ndipo shuga wachilengedwe wa mu karoti ndi anyezi amamveka pakamwa. Kolifulawa wowotcha chonchi amakoma mosiyana kotheratu ndi wowiritsa. Ana amene ankamukankhira pambali pa mbale tsopano amatola pathireyi asanafike n'komwe patebulo.

Bowa nayenso chimodzimodzi. Pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a bowa ndi madzi, choncho bukuli limati mumukazinge pang'onopang'ono pa chiwaya chotentha kwambiri, osamutakasatakasa, mpaka madzi atatha ndipo wayamba kufiirira. Bowa wotere akalowa mu msuzi, palibe amene amafunsa za nyama.

Ndaphunziramonso dongosolo loponyera zinthu mu poto. Anyezi amayamba, adyo amabwera pambuyo chifukwa sachedwa kupserera, ndipo akapserera amawawitsa chakudya chonse. Zonunkhiritsa monga cumin ndi coriander zimafuna kukazingidwa m'mafuta kwa kamphindi kochepa madzi asanathiridwe, popeza fungo lake limasungunuka m'mafuta. Kenako pamapeto, mutaphula, mumafinyiramo ndimu. Msuzi wa mphodza umene unkamveka wozizira ngakhale mchere uli wokwanira umadzuka ndi madontho ochepa chabe. Ndimuyo ali ndi ntchito inanso: vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'zomera, amene salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama. Mfundo imeneyi bukuli laiika pafupi ndi maphikidwe a mphodza ndi sipinachi, pamalo pamene munthu akuifunadi.

Mutu wa nyemba ndi zinzake ndi umene unathetsa nkhawa yanga ya kukhuta. Mphodza zofiira sizifuna kuviika, zimapsa pa mphindi 15 mpaka 20, ndiye ndi zimene ndimathamangira tsiku limene ndabwera wotopa. Tchana amafuna kuviikidwa usiku wonse, maola 8 mpaka 12. Pa nyemba zofiira pali chenjezo limene ndinasangalala kuliona litalembedwa m'zilembo zazikulu: muzibwatitse kwambiri kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, chifukwa zosapsa bwino zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Limanenanso kuti tomato muthire nyemba zitafewa kale, popeza zowawasa zimachedwetsa kufewa. Ndipo limakumbutsa kuti nyemba zikadyedwa ndi mpunga kapena buledi, mapuloteni ake amakwanirana, chimene chikusowa mwa china chimapezeka mwa chinzake.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa zenizeni. Choyamba ndi nthawi. Malo ena limati anyezi akazingidwe mphindi 10 mpaka atafiirira n'kutsekemera. Sizitheka. Pa moto wochepa, anyezi amafuna mphindi 30 kapena 40 kuti afike pamenepo, ndipo mukakweza moto pofuna kupikisana ndi wotchi, amangopserera. Munthu amene akungoyamba kumene kuphika aziona ngati vuto ndi iye, chonsecho vuto lili pa pepala. Miyeso nayonso ndi yosakanikirana: apa makapu, apo magalamu, nthawi zina m'maphikidwe amodzi omwewo. Pa msuzi zilibe kanthu, koma pa zophika ndi ufa kusiyana pang'ono kumaoneka.

Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri ndi chakuti silinena chilichonse za vitamini B12. Vitamini ameneyu sapezeka mokwanira m'zomera. Amene akudya mazira ndi mkaka amampezako, koma bukuli lili ndi maphikidwe ambiri opanda zonsezi, ndipo munthu akhoza kuwatsatira miyezi yambiri osadziwa kuti akufunika mapiritsi kapena zakudya zoonjezeredwa vitaminiyu. Kusowa kwake kumabweretsa kuchepa kwa magazi ndiponso kumawononga mitsempha. Buku limene lasamala kuchenjeza za nyemba silinayenere kudumpha nkhani imeneyi. Peji imodzi ikanakwana.

Zithunzi ndi zokongola ndipo n'zoona, zimene zimatuluka mu poto wanga zimafanana nazo. Chikuto n'cholimba, koma bukuli silikhala chotsegula palokha, ndimachita kulitsamiritsa ndi supuni yaikulu pamene manja ali ndi mafuta. Zokometsera zingapo ndi zosowa, ngakhale kuti nthawi zambiri pansi pake pamalembedwa china chimene mungagwiritse ntchito m'malo mwake.

Ngati mukufuna maphikidwe a mphindi zochepa tsiku lililonse, theka la bukuli likuchedwetsani. Koma ngati mukufuna kumvetsa chifukwa chake masamba amakoma tsiku lina n'kukhala osakoma tsiku linzake, guleni. Yambani ndi msuzi wa mphodza ndi thireyi ya masamba owotcha, ndipo paliponse pamene lalemba za kufiiritsa anyezi, onjezerani mphindi 20 pa nthawi imene lanena.