Filimu yake ndi yabwino, koma wogulitsayu ayi

Ndinagula DVD ya Amores Perros kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, pamtengo wokwera uja wa mafilimu osowa, kuwonjezerapo ndalama yotumizira. Analemba kuti ndi yatsopano, yosatsegula. Itafika, pulasitiki yake inali yomatidwanso ndi selotepi, chimbalecho kunsi chili chokalikakalika ngati chinakwekwerezedwa pamchenga.

Ndinaiikabe. Poyamba zinayenda bwino: mnyamata wina dzina lake Octavio akuthamangitsa galimoto m'misewu ya Mexico City, galu wake Cofi akukha magazi pampando wakumbuyo, kenako ngozi imene imalumikiza nkhani zonse zitatu za m'filimuyi. Titafika pankhani yachiwiri, kagalu ka mayi wina dzina lake Valeria katangogwera m'bowo la matabwa apansi m'nyumba, chithunzi chinangoti zii. Ndinachitulutsa, kupukuta ndi kansalu kofewa, kubwezeranso, chinaima pamalo omwewo. Katatu konse. Ndinamulembera wogulitsa uja mwaulemu ndithu kuti bambo, chimbalechi chili ndi vuto, ndipo ndinatumiza ndi zithunzi zomwe. Anakhala chete masiku anayi, pomaliza nkuyankha mzere umodzi kuti vuto ndi makina anga. Makina omwewo akuonetsa zimbale zina zonse bwinobwino! Chinandipweteka kwambiri ndi chakuti sanapepese nkomwe, ngati kuti ndalamazo ndinangotola panjira.

Mnzanga woyandikana naye nyumba anandibwereka laputopu, ndipo inadumpha mphindi zingapo zokalikazo nkupitiriza. Apa mtima wanga unayamba kutsika. Gawo la El Chivo, mkulu wandevu wokhala ndi agalu osokera, amene amapha anthu polipidwa koma akulakalaka mwana wake wamkazi yemwe anamusiya kalekale, linandikhazika chete mpaka mayina atayamba kukwera. Ndamvetsa chifukwa chake filimuyi, yotuluka mu 2000, inatembenuzira maso a dziko ku Mexico. Inali filimu yoyamba yaitali yotsogoleredwa ndi Alejandro González Iñárritu, nkhani analemba Guillermo Arriaga, inapata mphoto ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ndipo inafika pampikisano wa Oscar wa mafilimu a zinenero zina. Gael García Bernal, amene akusewera ngati Octavio, anali mnyamata wosadziwika kunja nthawiyo, koma maso ake okha pamene akunyengerera Susana, mkazi wa mkulu wake, akukuuzani kuti munthuyu apita patali. Chaka chotsatira anaonekanso mufilimu ya Alfonso Cuarón, wotsogolera mafilimu wina wa ku Mexico.

Ndi yaitali, maola awiri ndi theka, ndipo zithunzi za agalu omenyanitsidwa nzowawa kuonera. Ana asakhale pafupi. Mawu a Chingelezi apansi akuwerengeka bwino, pamenepo sindinama.

Filimuyi ndikuipatsa nyenyezi zonse zisanu, wogulitsa imodzi. Mphindi zija zinadumphidwa sindinazionebe, ndipo uthenga wanga wachitatu wopempha kuti andisinthire chimbale wauwerenga dzulo, sanayankhe.