Maphunziro a pavidiyo a lead ya minor blues: ndemanga nditawagwiritsa ntchito milungu 8

Maphunzirowa ndi mavidiyo otsitsa pa intaneti. Amabwera ndi mapepala a tab, osonyeza waya ndi freti yoti mugwire, komanso nyimbo zoyesererapo zomwe muli bass ndi ng'oma zokha. Zonse zili mu A minor kupatula gawo lomaliza. Ndawagwiritsa ntchito milungu 8, mphindi 40 tsiku lililonse, pa gitala yamagetsi ya ma pickup awiri ndi ampu yaing'ono. Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5. Pa nkhani ya manoti ndi abwino kwambiri, koma pa nkhani ya nthawi mphunzitsi wathamanga, ndipo pamenepo muyenera kudzithandiza nokha.

Ambiri a ife oimba lead muno mu Lusaka tinakulira pa kalindula, rhumba ndi makorasi a kutchalitchi, nyimbo za ma chord atatu mu major. Tikafuna kulowa mu blues timaloweza pentatonic, scale ya manoti asanu, ya pa freti 5, A C D E G, n'kumakwera ndi kutsika mmenemo. Manoti asanuwo nthawi zambiri sakangana ndi ma chord, n'chifukwa chake timawakonda. Koma muzimitse bass, mumvetsere solo yokhayokha: palibe angadziwe kuti nyimbo yafika pati. Matenda amenewa ndi amene maphunzirowa akuchiza, ndipo mankhwala ake si kuloweza ma scale ambirimbiri. Mphunzitsi amakusiyani m'bokosi lomwelo, kutanthauza malo a pentatonic ya pa freti 5, n'kukuonetsani noti imodzi kapena ziwiri zoti musinthe chord ikasintha.

Nyimbo imene amagwiritsa ntchito ili ndi ma bar 12, bar iliyonse ya kugunda kunayi. Am7 imatenga ma bar anayi oyamba, Dm7 bar 5 ndi 6, Am7 bar 7 ndi 8, F7 bar 9, E7 bar 10, Am7 bar 11, kenako E7 pa bar 12 kuti ikubwezeni poyambira. Mlungu woyamba simuimba solo n'komwe. Mumangogwira ma chord amenewa ndi zala zitatu basi. Powerenga mawaya, wowonda kwambiri ndiye woyamba. Am7 ndi waya 6, 4 ndi 3, onse pa freti 5. Dm7 ndi waya 5 freti 5, waya 3 freti 5, waya 2 freti 6. F7 ndi waya 5 freti 8, waya 4 freti 7, waya 3 freti 8, ndipo E7 ndi kagwiridwe komweko mutatsika freti imodzi. Musalidumphe gawo limeneli ngakhale likuoneka lophweka. Manoti amene zala zanu zikugwira pa waya 4, 3 ndi 2 ndi omwewo amene solo idzaterapo pambuyo pake.

Phunziro limene linalipira ndalama zonse ndi la bar 5. Dm7 ili ndi D F A C. Mwa manoti anayiwo, F yokha ndi imene mulibe mu pentatonic yanu, ndipo ndiyo imauza khutu kuti chord yasintha. Ili pa waya 2 freti 6, pafupi penipeni ndi E ya pa freti 5 imene chala cholozera chagwira kale. Imbani E kumapeto kwa bar 4, muike chala chapakati pa freti 6 pa kugunda koyamba kwa bar 5, muisiye ilire. Mtunda wake ndi freti imodzi, koma nyimbo yonse imamveka kuti yakhota. Pobwerera ku Am7 pa bar 7 mumachita zosiyana: F itsikire ku E. Cholakwika chofala n'kukakamira pa F chord itabwerera kale ku Am7. Pamenepo F imagundana ndi E ya m'chord ndipo imamveka ngati yaphonya. Yodutsira ilibe vuto, yokhalapo ndiyo imawawa.

Bar 9 ndi 10 mphunzitsi wazifotokoza bwino kuposa aliyense amene ndinamumvapo. F7 ili ndi F A C ndi Eb, ndipo Eb imeneyi ndi noti ya blues yomwe ija timaiponya pakati pa D ndi E pa waya 3 freti 8. Kwina konse m'nyimbo imangodutsa, koma pa bar 9 ili kwawo, mukhoza kuimapo bar yonse. E7 ikalowa, itsitseni ku D pa freti 7. Pa waya 4 zimachitikanso chimodzimodzi: A ya pa freti 7 imatsikira ku G# pa freti 6. G# imeneyi ndiyo mtima wa E7. Pentatonic ili ndi G wamba, ndiye amene sasintha amadutsa bar 10 osaikhudza G# imeneyi. Yesani kuimba manoti awiri okha pa bar iliyonse, A ndi Eb pa F7, G# ndi D pa E7, kenako A ndi C pa Am7. Ngakhale popanda bass, munthu womvera ali panja adziwa kuti mukuyandikira kumapeto.

Akatero mphunzitsi amawonjezera pa E7 manoti anayi otalikirana mafreti atatuatatu: G# pa waya 4 freti 6, B pa waya 3 freti 4, D pa waya 3 freti 7, F pa waya 2 freti 6, n'kutera pa E, waya 2 freti 5, Am7 ikamalowa. Apa ndi pamene fungo la jazz limatulukira kwenikweni. B imakutulutsani m'bokosi ndi freti imodzi, choncho chala cholozera chibwerere m'mbuyo chokha, dzanja lonse lisasunthe. Mukasuntha dzanja, D mumaipeza mochedwa. Palinso kachenjerero kozungulira noti musanaiponde. Kuti mutere pa C ya waya 3 freti 5, imbani D pa kugunda kwachinayi, B pa theka lotsatira, C pa kugunda koyamba kwa bar yatsopano. Ndi manoti atatu okha, ndipo amagwira pa chord iliyonse malinga noti yomaliza ikhale ya m'chord.

Pa bar 4 amasintha Am7 kukhala A7 kuti ikokere ku Dm7. C imakwera kukhala C# pa waya 3 freti 6, ndipo Bb ya pa waya 1 freti 6 imakoma pamwamba pake. Gawoli ndi lalifupi ndipo silivuta.

Pamene ndinayamba kusagwirizana naye ndi pa F#. Amaiphunzitsa ngati noti yokometsera Am7, pa waya 2 freti 7, ndipo n'zoona, imawalitsa chord. Koma sanena momveka kuti noti imeneyi iyenera kuchoka bar 5 isanafike. Dm7 ili ndi F, ndiye F# pamwamba pake zimakhulana koopsa, freti imodzi yokha pakati pawo. Pa F7 vuto ndi lomwelo. Wophunzira amene wangoikonda kumene F# adzaiika paliponse, ndipo adzaganiza kuti gitala yake yachoka tyuni. Lamulo limene linayenera kulembedwa pa pepala ndi ili: F# pa bar 1 mpaka 3, 7, 8 ndi 11, F wamba pa bar 5, 6, 9 ndi 10.

Chofooka chachikulu ndi nthawi. Nyimbo zoyesererapo zonse zili pa liwiro la kugunda 120 ndi 140 pa mphindi. Pa 140, bar imodzi simakwana masekondi awiri, ndiye F7 ndi E7 zimadutsa musanaganize n'komwe za chala. Munthu woyamba amafunika 70 kapena 80. Pa 70 ma bar 12 amatenga masekondi pafupifupi 41, nthawi yokwanira kumva chord, kusankha noti, n'kuiimba. Palibe nyimbo yapang'onopang'ono ngakhale imodzi. Njira yake n'kutsitsa liwiro ndi pulogalamu ya pafoni, kapena kujambula nokha ma chord a zala zitatu aja maulendo asanu ndi limodzi motsatizana, n'kumaimba pamwamba pake. Njira yachiwiriyi ndiyo yabwino, chifukwa imakuonetsani ngati kagwiridwe kanu ka ma chord kakuthamanga.

Za swing nazo wangozikhudza mphindi zochepa. Amanena kuti noti yoyamba italike, yachiwiri ifupike, basi. Ife amene manja anazolowera sebene timagawa manoti mofanana ndipo timakonda kukhala patsogolo pa kugunda. Tikauzidwa kuti titalikitse yoyamba, timapitirira muyeso, solo n'kumamveka yodumphadumpha. Chimene chimathandiza n'kuika metronome, kachida kowerengera kugunda, pa theka la liwiro, mwachitsanzo 40 ngati nyimbo ili pa 80, n'kumaiwerenga ngati kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi. Masiku awiri kapena atatu oyamba mudzasochera, khutu lidzafuna kuimva ngati kugunda koyamba. Werengani mokweza, phazi likugunda pansi, mpaka zikhazikike. Chinanso n'kulimbitsa pang'ono noti ya pakati pa kugunda osati ya pa kugunda penipeni, ndi kutsetsereka kapena kumenya ndi chala cha kumanzere polowa noti yotsatira m'malo moimenya yonse ndi pick. Zimenezi mphunzitsi amazichita m'manja mwake, mukaonetsetsa muziona, koma pakamwa sazitchula.

Amalangiza bwino za kupuma: imbani ma bar awiri, khalani chete ma bar awiri. N'kovuta kuposa mmene kukumvekera, makamaka kwa amene anazolowera kudzaza mpata uliwonse woimba nyimbo akapuma. Dzijambuleni ndi foni, mumvetsere, muwerenge ma bar amene munakhaladi chete.

Za kamvekedwe ka gitala malangizo ake ndi olondola. Sankhani pickup ya kukhosi, tsitsani tone kufika pa 5 kapena 6, ampu ikhale yoyera, gain yochepa, reverb pang'ono. Fuzz ija ya Zamrock ya m'zaka za m'ma 1970, ya anthu ngati Paul Ngozi, ili ndi malo ake, koma pano imaphimba kusiyana kwa G ndi G#, ndipo chord ya E7 yokhala ndi G pamwamba imasanduka matope. Mukatsitsa tone mpaka 0 manoti amafa, gulu likayamba simumvekanso. Pa mawaya, iye amagwiritsa ntchito osalala komanso okhuthala, a .012. Musathamangire kugula amenewo. Waya wachitatu wa mtundu umenewu nthawi zambiri amakhala wokulungidwa, ndipo kumukoka n'kovuta. A .010 wamba amene mumawapeza m'mashopu a m'tauni amakwanira, ndipo amalola kakokedwe kakang'ono ka pa C, waya 3 freti 5, kamene kamapatsa blues kulira kwake. Kokani pang'ono chabe, kumapeto kwa noti. Mukafika pa C# mwaisandutsa chord kukhala major.

Pali vidiyo imodzi ya ma octave, kuimba noti imodzi pa mawaya awiri, yotsika ndi yokwera, kaimbidwe kamene woimba gitala ya jazz Wes Montgomery anatchuka nako, akumenya ndi chala chachikulu m'malo mwa pick. Pa waya 5 ndi 3 zala zimatalikirana mafreti awiri, pa waya 4 ndi 2 mafreti atatu, ndipo waya wapakati mumamutseka ndi mimba ya chala cholozera. Akalira wapakatiyo, ndiye kuti chala mwachiimika kwambiri, chigonekeni. Amalimbikitsanso kumvetsera oimba gitala ya jazz Kenny Burrell ndi Grant Green, makamaka zimene anajambula ku kampani ya nyimbo ya Blue Note m'zaka za m'ma 1960. Ndikuvomereza. Grant Green ndi wosavuta kumutsatira ndi khutu chifukwa amaimba noti imodziimodzi ndipo amabwereza mawu ake kangapo.

Mapepala a tab ali ndi zolakwika. Pa chitsanzo china cha bar 10 alemba waya 4 freti 5 pamene m'vidiyo chala chili pa freti 6. Ndiye kuti pepala likukupatsani G pamalo penipeni pamene phunziro lonse likunena za G#. Pepala ndi vidiyo zikasemphana, khulupirirani vidiyo. Kamera imaonetsa bwino dzanja lamanzere, lamanja limaoneka mwa apo ndi apo. Chabwino n'chakuti mavidiyo amatsitsika n'kusungika pafoni, ndiye bandulo mumawononga kamodzi kokha. Malaiti akapita mutha kupitiriza, chifukwa zonse kupatula za kamvekedwe zimatheka pa gitala yosalumikiza ku ampu kapena ya bokosi. Chingelezi cha mphunzitsi n'chomveka, sathamanga polankhula.

Gawo lomaliza limasamutsira zonse ku C minor: Cm7, Fm7, Ab7 ndi G7. Bokosi limapita pa freti 8, ndipo noti iliyonse imakwera mafreti atatu. Ya bar 5 imakhala Ab pa waya 2 freti 9, ya bar 10 imakhala B pa waya 4 freti 9. Kiyi imeneyi muidziwe ngati mumaimba ndi a malipenga, chifukwa trumpet ndi tenor sax zili mu Bb, alto mu Eb, ndipo eni ake amamasuka mu C minor, F minor ndi G minor kuposa A minor. Mphunzitsi wapereka kiyi imodzi yokhayo, zinazo musamutse nokha.

Ngati simunathe kugwira ma barre chord, amene chala chimodzi chimagwira mawaya angapo, kapena kuimba pentatonic osayang'ana zala, dikirani kaye, mudzangotaya ndalama. Ngati mumadziwa kale kutsatira ma chord a jazz, theka loyamba lidzakuchedwetsani. Oyenera kugula ndi amene akhala m'bokosi la pa freti 5 chaka kapena kuposerapo, a m'magulu a kutchalitchi ndi a m'mabandi omwe. Pa mphindi 40 zanu, perekani 10 ku ma chord ndi metronome pa 2 ndi 4, zina 10 ku manoti awiriawiri a bar 9 mpaka 11, ndipo 20 zotsalazo muimbe solo pa liwiro la 70. Mukweze liwiro ndi 5 pokhapokha mutazungulira katatu motsatizana osaphonya F ya bar 5 ndi G# ya bar 10.