Sikelo kapena kuwolotsa: njira ziwiri zopezera x

Tengani funso ili: ndaganiza nambala, ndaichulukitsa ndi 3, ndawonjezerapo 5, ndapeza 20. Polemba timati 3x + 5 = 20, x akuimira nambala ndaganiza ija.

Njira ya sikelo imatenga chizindikiro cha = ngati pakati pa sikelo. Chimene mwachita kumanzere, chitaninso kumanja. Chotsani 5 mbali zonse, patsala 3x = 15. Gawani mbali zonse ndi 3, mupeza x = 5. Imadya mizere yambiri m'kope, komabe wophunzira amaona chifukwa cha chilichonse chimene akuchita.

Kuwolotsa, komwe ndi kusamutsira nambala mbali ina ya chizindikiro cha =, n'kwachangu. 5 wowonjezera akawoloka amachotsera, 3 wochulukitsa akawoloka amagawa. Yankho ndi lomwelo. Vuto ndi loti ambiri amangoloweza kuti chizindikiro chimasintha, ndiye akafika pa 3x = 15 amalemba x = 15 − 3 n'kupeza 12, osadziwa n'komwe kuti asochera. Chonsecho kuwolotsa ndi sikelo yomwe ija, kungoti mzere umodzi wabisika.

Ine wophunzira woyamba kumene ndingamuyambitse ndi sikelo, kuwolotsa adzakutola yekha dzanja likazolowera. Njira iliyonse imene mwatsata, bwezerani yankho m'funso muone: 3 × 5 + 5 ikupereka 20, pamene 12 uja akupereka 41.