Buku la Seabiscuit, ndaliwerenga kawiri kuno ku Ngabu

Bukuli ndinaligula kwa mavenda a mabuku ku Limbe, chikuto chitang'ambika pang'ono. Analemba ndi Laura Hillenbrand, linatuluka mu 2001, likunena za hatchi ya mpikisano dzina lake Seabiscuit. Ine hatchi ndinangoionapo kamodzi, kwathu kuno n'ng'ombe ndi abulu basi, ndiye ndimati mwina silindisangalatsa koma ayi ndithu, usiku wotentha wa Okutobala uja kugona m'nyumba kukukanika ndimangoyala mphasa pakhonde n'kumawerenga ndi tochi ya pafoni mpaka batire kutha.

Nkhani yake ndi yoona. Seabiscuit inali hatchi ya ku America, yaifupi, mawondo opindika, yokonda kudya ndi kugona, mipikisano 17 yoyambirira osapambana ngakhale umodzi. Mu 1936 Charles Howard, mkulu wogulitsa magalimoto, anaigula madola 8,000 n'kuipereka kwa Tom Smith kuti aiphunzitse. Apa mpamene bukuli linandigwira mtima. Smith sankakhulupirira chikwapu, ankangoiyang'ana nyamayo masiku ambiri kuti adziwe chikuivuta n'chani. Ataona kuti ili ndi ukali anailowetsera mbuzi m'khola kuti izikhala nayo, iyo kuinyamula ndi mano n'kuiponya kunja! Kenako anabweretsa hatchi ina yofatsa dzina lake Pumpkin, basi mtima unakhala pansi. Aliyense amene anamangapo ng'ombe ziwiri pa goli akudziwa zimenezi, yolusa umaiphatikiza ndi yofatsa. Ineyo kuyambira pamenepo mnyamata woyendetsa ngolo yanga ndinamuletsa kumenya ng'ombe zikatopa padzuwa.

Za okwera mahatchiwo zinandimvetsa chisoni, ankadzimana chakudya kuti asalemere thupi, ena mpaka kukomoka. Red Pollard amene ankakwera Seabiscuit diso limodzi silinkaona ndipo ankabisa poopa kuchotsedwa ntchito. Pa mpikisano waukulu wa pa 1 Novembala 1938 ku bwalo la mipikisano ya mahatchi la Pimlico, mahatchi awiri okha, Seabiscuit ndi War Admiral, Pollard anali atathyoka mwendo ndiye m'malo mwake anakwera George Woolf. Ndinkadziwa kale kuti Seabiscuit ipambana koma mtima unkagundabe.

Chovuta chake chizungu n'cholemera, mawu a mpikisano ngati furlong ndinachita kufufuza pa intaneti (ndi mtunda wa mamita pafupifupi 200). Masamba oyambirira onena za bizinesi ya magalimoto ya Howard anandichedwetsanso, mupirire mpaka hatchiyo ilowe m'nkhani. Komanso musaligule poganiza kuti muphunziramo kadyetsedwe kapena mankhwala a ziweto, si buku la alangizi ayi.

Ndikulipatsa nyenyezi 4 pa 5. Mukaligula logwiritsidwa kale ntchito muyambe mwaona masamba akumapeto, langa awiri anali othothoka ndendende pa mpikisano wa ku bwalo la Santa Anita wa 1940 pomwe Pollard anabwerera n'kupambana, ndinachita kumata ndi selotepi. Pano lili kwa alamu anga ku Nchalo, ndawauza kuti alisunge patali ndi chiswe.