Chipangizo choonetsera mafunde pa chingwe: ntchito chikugwira, koma chingwe chake musachidalire

Ndikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Ndimaphunzitsa fizikisi kusekondale, ndipo chipangizochi tinaitanitsa pa intaneti ndi ndalama za dipatimenti yathu ya sayansi. M'katoni munali kabokosi ka signal generator (kolamulira kanjenjemeredwe ka chingwe) koonetsa manambala, kamakina konjenjemeretsa chingwe, pulley (kagudumu kodutsitsapo chingwe) yomangirira m'mphepete mwa tebulo, timiyala tachitsulo tokwana magalamu 500 pamodzi, ndi chingwe. Tachigwiritsa ntchito teremu yathunthu.

Kuchilumikiza sikuvuta. Mbali imodzi ya chingwe mumamanga pa kamakina, inayo mumaidutsitsa pa pulley n'kupachikapo miyala kuti chingwe chikungike. Mukayatsa n'kumapotoza kabatani ka frequency (kuchuluka kwa maulendo omwe chingwe chimanjenjemera pa sekondi, koyezedwa mu Hz) pang'onopang'ono, chingwe chimangonjenjemera mosaoneka bwino, moti ana amayamba kucheza zawo. Kenaka mwadzidzidzi chimatupa pakati, kukwera ndi kutsika kwambiri, nsonga zake zili phee. Kwa ife, ndi chingwe cha mamita 1.2 ndi mwala wa magalamu 200, zimenezi zinachitika pa 26 Hz. Titapitirira, kutupa kuja kunazimiririka. Pa 52 Hz chingwe chinagawikana zigawo ziwiri, pa 78 Hz zitatu, chigawo chilichonse masentimita 40.

Apa ndiye pamene ndalama zathu zinabwerera. Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula pa bolodi kuti funde limapita mpaka kumapeto kwa chingwe, limabwerera, n'kukumana ndi linzake lomwe likubwera. Ana amakopera bwinobwino, mayeso amakhoza, koma m'maso mwawo mumaona kuti sakukhulupirira. Ataona okha kuti chingwe chikukana 30, chikukana 40, koma chikuvomera 26 ndi 52, anayamba kufunsa okha chifukwa chake. Chifukwa chake n'chakuti funde lobwerera limathandizana ndi lopita pokhapokha theka la utali wa funde likukwana ndendende m'chingwemo, kamodzi, kawiri, katatu, osatsala kachidutswa. Zili ngati kukankha mwana pa katungwe: ukakankha pa nthawi yake amakwera, ukakankha mwachisawawa umangomusokoneza.

Tinadula timapepala ting'onoting'ono, n'kutipinda pakati, n'kutikhazika pa chingwe. Kapepala kokhala pa antinode, pakati pa chigawo pomwe chingwe chimatupa kwambiri, kanaponyedwa pansi nthawi yomweyo. Komwe tinaika pa node, pamalire a zigawo pomwe chingwe sichigwedezeka, kanangokhala, kakugwedera pang'ono, mbali zonse ziwiri chingwe chikuuluka. Mtsikana wina anagunda pa node ndi nsonga ya pensulo ndipo mafunde anapitirira. Atasunthira pensuloyo pakati pa chigawo, zonse zinafa. Ngati mukufuna akumbuyo aone, kolekani nsalu yakuda kuseri kwa chingwe choyera.

Tsopano vuto lalikulu, lomwe landichititsa kuchotsa nyenyezi imodzi. Chingwe chomwe chimabwera m'katoni chimatamuka. Poonetsa zigawo n'chokongola, chimatupa kwambiri, koma mukawonjezera mwala chimatalika n'kuwonda, ndiye manambala sagwirizananso ndi masamu. Manambala onse ndalemba muno tinawapeza titasintha, n'kuikapo ulusi wa nayiloni umene osoka nsapato amagwiritsa ntchito. Tinayeza mamita 10 pa sikelo, analemera magalamu 5. Mwala wa magalamu 200 umakoka ndi mphamvu ya 1.96 N (newton, muyeso wa mphamvu), ndipo mukawerengera, liwiro la funde liyenera kukhala pafupifupi mamita 62.6 pa sekondi. Pa tebulo, funde la masentimita 80 (zigawo ziwiri za masentimita 40) pa 78 Hz linatipatsa 62.4. Ana anaomba m'manja, inenso mtima unakhala pansi. Wogulitsa akanangoikamo zingwe ziwiri, chotamuka ndi chosatamuka, sizikanamudyera ndalama zambiri.

Phunziro lomwe linandisangalatsa koposa ndi la kukunga. Ndinafunsa kalasi kuti tikaika magalamu 400 m'malo mwa 200, chigawo chimodzi chija chionekera pati. Pafupifupi onse anati pa 52. Chinaonekera cha m'ma 37. Kuti chifike pa 52 panafunika magalamu 800, chifukwa kuti frequency ikwere kawiri, chingwe chiyenera kukokedwa kanayi. Lamuloli analilemba Marin Mersenne ku France mu 1636, pamodzi ndi malamulo ena awiri: chingwe chachifupi chimalira mokweza, cholemera chimalira motsitsa. Kuyesa kwa pa tebuloku n'komwe Franz Melde anachita ku Marburg, ku Germany, cha m'ma 1860, kungoti iye ankanjenjemeretsa ulusi ndi tuning fork, kachitsulo ka mphanda komwe kamanjenjemera ukakamenya. Koma timiyala ta m'katoni sitifika 800, choncho tinathira mchenga m'kajumbo n'kuuyeza pa sikelo. Ndi kulemera kumeneko pulley imayamba kupendekeka, pafunika wina aigwirizire.

Tsiku lotsatira mnyamata wina wa kwaya anabwera ndi gitala. Nsambo ya A imalira pa 110 Hz, ndipo ukaidina pa fret (kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala) ya 12, pomwe ndi pakati penipeni, imalira pa 220 Hz. Ukangoigunda pang'ono pamalo omwewo osadina, umamva kamawu koyera kapamwamba, chifukwa chala chakakamiza node pakati ndipo nsambo yagawikana pawiri, monga zinachitikira pa 52 Hz paja. Anzake anazindikira okha chifukwa chomwe nsambo za mawu aakulu zimakhala zonenepa, chomwe woimba kaligo amayendetsera zala pa nsambo yake imodzi, ndi chomwe bangwe amayamba waikunga asanaimbe.

Zina zodandaulitsa n'zazing'ono koma muzidziwe. Kabatani ka frequency kamalumpha. Ukakakhudza pang'ono wadutsa kale pomwe umafuna, makamaka pofuna zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Pulagi yake ndi ya mano awiri ozungulira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu, ndiye mugule adaputa. Chilibe batire, magetsi akazima phunziro laima. Chomangira pulley sichikamwa mokwanira pa matebulo okhuthala a mu labu, ife tinamangira pa desiki. Kamakina kamatentha mukakasiya nthawi yaitali pa mphamvu yonse, choncho muzikapumitsa.

Kwa aphunzitsi anzanga, poyeza utali wa chigawo musayambire pa kamakina, popeza nsonga imeneyo imagwedezeka pang'ono ndipo si node yeniyeni. Yezani kuchokera pa node ina kufika pa inzake chapakati pa chingwe, manambala amatuluka bwino. Sukulu yomwe ili ndi magetsi ndipo ingakwanitse, igule, koma musanayambe phunziro mukhale mutapeza ulusi wosatamuka, adaputa ndi sikelo yoyeza magalamu.