Kuletsa mapulogalamu ena kapena kulola owerengeka okha?

Pa sukulu ya sekondale ku Nsanje kapena mu shopu yosindikiza zikalata pa Nchalo, kompyuta imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, ndipo aliyense amabwera ndi flash yake. Woyang'anira makompyutawo ali ndi njira ziwiri zowatetezera ku mapulogalamu osafunika.

Yoyamba ndi kulemba mndandanda wa mapulogalamu oletsedwa, ena onse n'kumatseguka momasuka. Njirayi sichedwa kukhazikitsa, koma imangotchinga zokhazo zimene woyang'anirayo akuzidziwa kale. Wophunzira akangosintha dzina la fayilo ya gemu, lamulo lotsata dzina siligwiranso ntchito, ndipo vairasi yatsopano imadutsa bwinobwino.

Yachiwiri ndi kulola mapulogalamu owerengeka okha, monga Word ndi Excel, china chilichonse n'kukanidwa. Pa Windows izi zimatheka ndi AppLocker, yomwe Microsoft idatulutsa pamodzi ndi Windows 7 mu 2009, ndipo malamulo ake amayang'ana amene adapanga pulogalamuyo, foda imene ikukhala, kapena hash ya fayilo, yomwe ndi nambala yapadera yowerengedwa kuchokera ku zimene zili mu fayiloyo. Njirayi imafuna khama, chifukwa mphunzitsi wofuna pulogalamu yatsopano ayenera kudikira kuti iwonjezedwe pa mndandanda, komanso lamulo la hash limafunika kulikonzanso pulogalamu ikangosinthidwa. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi Audit only, yomwe imangolemba zimene zikadakanidwa popanda kutseka kanthu.

Ine ndimalimbikitsa yachiwiri, makamaka kuno kuchigwa kumene katswiri nthawi zina amachita kuchokera ku Blantyre, makompyuta n'kukhala masiku angapo osagwira ntchito. Koma ogwiritsa ntchito asapatsidwe akaunti ya administrator, yomwe imakhala ndi mphamvu zonse pa kompyuta, chifukwa mwini akauntiyo atha kufufuta malamulo onsewo.