Mphaka ku Nchalo: m'nyumba kapena panja?

Mukatsika ku Blantyre kupita ku Nchalo ndi mphaka wanu, kumusiya azidziyendera n'kosavuta, ndipo makoswe m'nkhokwe amachepa. Koma Nchalo ili kufupi ndi nkhalango ya Lengwe komwe kuli afisi, m'minda ya nzimbe muli nsato, pamene mphaka wam'tauni sadziwa n'kothawira komwe. Akhozanso kusochera pofunafuna kwawo kwakale.

Kumutsekera kumamuteteza, komano nyumba yamalata mu Okutobala, kutentha kukadutsa madigiri 40, ndi ng'anjo. Mudzamupeza ali chafufumimba pasimenti, akupuma wefuwefu. Pamenepo muikireni madzi m'mbale ziwiri, mawindo asefa akhale otsekula.

Ine ndingamutsekere masabata atatu oyamba, kenaka azituluka masana okha. Dzuwa likapendeka, alowe basi.